Sukulu Imayambira pa Chala

Dzina la Dubai likamveka kuno kwathu, maganizo amathamangira ku katundu. Uko n'kumene amalonda athu amakaoda mafoni, nsalu, mafuta onunkhira ndi zipangizo za galimoto. Uko n'kumene kuli Burj Khalifa, nyumba yotalika mamita 828 imene inatsegulidwa mu 2010. Koma mumzinda womwewo muli anthu ena amene amapempha tchuthi kuntchito, n'kulongedza nsapato zolimba ndi chipewa cha dzuwa, kukwera ndege, kudzatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kuti adzakumbe nawo maziko a sukulu ya pulayimale m'mudzi umene dzina lake sanalimvepo chibadwire.

Amene amawatumiza ndi a bungwe la Dubai Cares, limene Sheikh Mohammed bin Rashid Al Maktoum analikhazikitsa mu September 2007 kuti lithandize ana a m'mayiko osauka kupeza maphunziro. Bungweli lili ndi njira zingapo zopezera manja a anthu odzipereka. Pali ulendo wapansi wa makilomita atatu wotchedwa Walk for Education, umene anthu a mumzindamo amayenda pokumbukira mtunda umene ana ambiri amaponda tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Pali Volunteer Emirates, pamene anthu amasonkhana kulongedza zikwama ndi makope a ana ochokera m'mabanja ovutika, kapena kukonza sukulu za m'dziko lawo lomwelo. Ndiye pali Volunteer Globally, kagulu kochepa kamene kamatuluka kunja kukagwira ntchito ya manja, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene kafikako, pamodzi ndi Nepal ndi Senegal. Kuno amagwira ntchito ndi bungwe la buildOn, limene lamanga sukulu zambiri m'boma la Kasungu.

Ine chimene chimandigwira mtima si ulendo wa ndegewo. Ndi kamangidwe ka sukuluyo, ndondomeko yake kuyambira tsiku loyamba, ndi malo amene mlendo amapatsidwa m'ndondomekomo. Pali luso pamenepa, ndipo ndi luso limene ambiri ofuna kuthandiza ana amalephera kuligwira.

Mbiri ya buildOn ili ndi dothi la Malawi m'zikhadabo. Jim Ziolkowski, mnyamata wa ku America, anasiya ntchito yake ya zachuma ku kampani ya General Electric n'kuyambitsa bungweli mu 1991, pa nthawiyo likutchedwa Building with Books. Sukulu yake yoyamba padziko lonse inamangidwa kuno, m'mudzi wa Misomali, ndipo iye mwini anadwalira kuno malungo oti akanamutenga. Kuchokera pamenepo ntchitoyi inafalikira ku Mali, Senegal, Burkina Faso, Nepal, Haiti ndi Nicaragua. Zaka zomwezo n'zimene dziko lathu linasowa makalasi koposa. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana amene anali pafupifupi 1.9 miliyoni anakwera mwadzidzidzi kufika cha m'ma 3 miliyoni. Amene tinaona nyengo imeneyo tikukumbukira bolodi litatsamira pa mtengo wa mango, ana atakhala pa miyala, mphunzitsi akuyang'ana mitambo chifukwa mvula ikangodontha sukulu yaweruka. Mpaka lero makalasi a pansi pa mtengo sanathe.

Tsiku loyamba la ntchito, khasu lisanalowe pansi, pamakhala pepala. Amalitcha pangano. Limawerengedwa mokweza pabwalo, mfumu ndi nduna zake ali pomwepo, ndipo limanena mosabisa gawo la aliyense. Mudzi upereka malo, mchenga ndi zina zopezeka pafupi, komanso anthu ogwira ntchito tsiku lililonse mpaka nyumba itatha. Bungwe libweretsa mapulani, simenti, malata ndi zitsulo, ndipo lilipira amisiri. Kenako pali lonjezo lolemera kuposa onse: atsikana adzalowa m'sukuluyi mofanana ndi anyamata. Akatha kuwerenga, anthu amafola. Wodziwa kulemba amasaina. Amene sanapite kusukulu amaviika chala mu inki n'kudinda.

Taganizirani gogo amene moyo wake wonse wadinda chala pa mapepala a anthu ena: pa kaundula wa makuponi, pa ngongole, pa chisankho. Nthawi zambiri kudindako kumabwera ndi manyazi pang'ono, chifukwa kumaulula poyera kuti sadziwa kulemba dzina lake. Pano chala chomwecho chikudinda lonjezo lakuti mdzukulu wake sadzadindanso chala. Amene analinganiza mwambo umenewu anamvetsa anthu. Akanatha kungotenga siginecha ya mfumu ndi ya wapampando wa komiti, ntchito n'kuyamba msanga. M'malo mwake analola kuti mzere utalike, dzuwa lipendeke, aliyense afike pa tebulo ndi thupi lake. Alendo nawonso amalowa mumzere womwewo.

Panganoli lili ndi ntchito ina imene Mmalawi amaimva m'mafupa. Ife mawu akuti ntchito yaulere tili nawo chilonda. Kale thangata linali kuthandizana pakati pa abale ndi anansi, koma azungu a minda ikuluikulu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje analisandutsa goli, munthu kugwira ntchito mokakamizidwa m'malo mwa lendi ya malo amene makolo ake anabadwirapo. Nkhanza za thangata, makamaka pa minda ya Bruce ku Magomero, zili m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Ndiye mukafika pamudzi n'kunena kuti anthu atute mchenga popanda malipiro, muyenera kudziwa kuti mukuponda pamalo pamene pali mbiri. Kusiyana kwa thangata la atsamunda ndi dima, pamene anansi amalimira limodzi munda wa mnzawo, kuli pa mafunso awiri: ndani wavomera, ndipo zokolola ndi za yani? Pangano limayankha onse awiri pamaso pa aliyense. Komiti yoyendetsa ntchito imasankhidwa ndi mudzi womwewo, amayi ndi abambo chiwerengero chofanana, ndipo ndi iyo imene imagawa masiku ndi kuitana mayina m'mawa.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Mmisiri amayamba ndi zikhomo ndi chingwe. Wongoonerera amaona ngati akutaya nthawi, akuzungulirazungulira pabwalo loti palibe kanthu, koma nyumba yonse ili m'maola amenewa. Kuti ngodya ikhale yolondola amayeza mamita atatu mbali ina, anayi mbali inayo, ndipo chingwe chodutsa pakati chikakwana mamita asanu ndendende ndiye kuti ngodya yakhala. Akamaliza ngodya zonse zinayi amayezanso mopingasa, kuchoka pa ngodya iyi kukafika pa inzake ya kutsidya, ndipo miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Ikasiyana ndi chala chimodzi amazula chikhomo n'kuyambiranso. Kulakwitsa kwa pansi sikubisika: kumakwera ndi khoma mpaka kukatulukira pa denga, pamene malata amakana kugona molunjika. Mmisiri wabwino amayang'ananso kumene dzuwa limatulukira ndi kumene madzi a mvula amathamangira, kuti ana asamachite khungu ndi dzuwa la m'mawa pa bolodi, ndiponso kuti madzi asamaime m'mbali mwa khoma.

Mizere ikajambulidwa pansi, mapiki ndi makasu amalowa. Apa m'pamene mlendo amaphunzira phunziro lake loyamba. Munthu wozolowera ofesi yozizira amanyamula piki ndi mphamvu zonse za m'mapewa, amamenya mofulumira, ndipo pakangotha mphindi khumi mpweya wamuthera, m'manja mwatuluka matuza. Bambo wa m'mudzi amene ali pambali pake sathamanga. Amakweza piki, n'kuisiya kuti igwe ndi kulemera kwake, dzanja lakutsogolo likutsetsereka pa mpini, miyendo itatangadza, msana ukupuma pakati pa kumenya kulikonse. Amatha kutero mpaka dzuwa kufika pamutu. Dothi la m'chilimwe ndi louma gwa, ndipo ngalande ya maziko iyenera kutsika kupyola dothi lofewa la pamwamba mpaka kukapeza nthaka yolimba, makoma ake ali chilili, pansi pake pali see. Wokumba ndi wotaya dothi ndi fosholo amasinthana popanda kuuzana. Mlendo wanzeru amaika piki pansi kwa kanthawi, n'kuyang'ana, n'kuyambiranso mwa kayendedwe ka mnzakeyo.

Koma msana wa ntchito yonseyi ndi amayi, ndipo aliyense amene anaonapo chitukuko cha kumudzi sangatsutse. Simenti imabwera pa lole m'matumba a makilogalamu 50, koma mchenga ndi madzi zimabwera pamutu. Mchenga nawo si umodzi. Wa kumtsinje, wokhakhala, ndi wa konkire. Wa kudambo, wosalala, ndi womangira ndi kupakira pulasitala. Mayi wodziwa amautapa m'dzanja n'kuufikisa. Ukasiya matope m'chikhatho amausiya pomwepo, chifukwa mchenga wa dothi umafooketsa simenti. Ndiye pali nkhata. Amapinda chitenje chakale mozungulira, osathina kwambiri, osalekerera, kuti ndowa ikhazikike pakati penipeni pa mutu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 a madzi, ndipo madzi sakhala phee ngati mwala, amagwedezeka ndi phazi lililonse. Ena amaponya masamba pamwamba pake kuti asakhavukire. Khosi limawongoka, maso amayang'ana kutsogolo, chiuno ndicho chimayenda. Potula pamafunika mnzako, posenza pamafunikanso mnzako, n'chifukwa chake amayi amayenda mumzere, ndipo nyimbo imene amaimba ndiyo imasunga mayendedwe kuti wina asatsalire. Mlendo wamkazi wochokera ku Dubai akapatsidwa ndowa, amayamba ndi ya theka, manja onse awiri atagwira m'mbali. Amayi amamukonzera nkhata, amamuwongola chibwano, ndipo tsiku limene wafika pamalo omangira madzi osatayika, nthungululu zimamveka.

Kusakaniza konkire kuli ndi mwambo wake. Mchenga ndi simenti zimayamba kutembenuzidwa zouma, mafosholo awiri moyang'anana, mulu ukusamuka kuchoka apa kupita apo kawiri kapena katatu, mpaka mtundu utakhala umodzi, wopanda mizere yoyera kapena yofiira. Kenako miyala ya kwale. Akatero amakumba kadzenje pakati pa muluwo ngati chitsime, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono, akugwetsera m'mbali mkati. Chiyeso chachikulu cha munthu wotopa ndi kuwonjezera madzi, chifukwa konkire yamadzimadzi imapepuka pa fosholo ndipo imatsetsereka bwino mu wilibala. Koma madzi ochuluka ndiwo amapha mphamvu yake. Mmisiri amakana, ndipo kukana kumeneko n'kumene kudzasunge pansi pa kalasi kuti pasadzafumbutuke ana zikwi atapondapo. Konkire ikathiridwa m'ngalande amaisinja ndi mtengo kuti mpweya utuluke. Sikuti imauma ngati chovala pa chingwe. Imakhwima, ndipo kuti ikhwime imafuna chinyezi, choncho kwa sabata yathunthu wina ayenera kumaithirira m'mawa ndi madzulo.

Za makoma zasintha m'masiku athu ano. Tinakula tikuumba njerwa ndi chikombole, kuziyanika, kuzipanga uvuni n'kuzitentha ndi mitengo yathunthu usiku wonse, ndipo sukulu zambiri za nthawi ya ntchito za chitukuko za MASAF zinamangidwa motero. Uvuni unadya nkhalango zathu. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo mabuloko a simenti ndi njerwa zopanikiza pa makina zikulowa m'malo mwake. Koma dzanja la womanga silinasinthe. Amayamba ndi ngodya, amakoka chingwe, amayala matope ndi mpeni wake, amakhazika buloko n'kuligogoda pang'ono ndi chigwiriro, levulo ili pafupi. Mzere uliwonse umaphimba mipata ya mzere wa pansi pake. Ntchito imeneyi mlendo sapatsidwa, ndipo n'zoyenera. Iye amapatsira, amatuta, amasakaniza. Khoma limene pansi pake padzakhale ana a Sitandade 1 si malo ophunzirirapo munthu wa sabata imodzi.

Apa ndi pamene ndimaona nzeru ya dongosolo lonse. Mlendo wachoka mumzinda wa nyumba zosanja zosawerengeka, mwina ndi injiniya, dokotala kapena mkulu wa kubanki, koma pamalo omangira amakhala wothandizira. Amalandira malangizo kwa kapitawo amene mwina sanafike Fomu 4, ndi kwa mayi amene anadinda chala dzulo. Usiku sabwerera kuhotela. Njira ya buildOn ndi yakuti alendo azigona m'nyumba za anthu a m'mudzimo, kudya nsima ndi ndiwo zimene zilipo, kusamba madzi a m'ndowa. Amaphunzira kupereka moni asanafunse kanthu, kulandira chinthu ndi manja awiri, kunena zikomo podutsa pamene pakhala akuluakulu. Ku Dubai anthu pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse ndi obwera kuchokera kumayiko ena, choncho gulu lotere limakhala la mitundu yosiyanasiyana, anthu odziwa kale kukhala mlendo m'dziko la eni. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dongosololi linavomereza zimenezo kuyambira pachiyambi, ndipo silinaike chilichonse chofunika pa mapewa a munthu amene achoke Loweruka.

Wina adzafunsa, ndipo funsolo ndi lachilungamo: ndalama ya tikiti ya ndege ya munthu mmodzi sikanalipira amisiri kwa miyezi? Ikanatero. Pa mphamvu ya manja yokha, mudzi sufuna thandizo la ku Dubai kuti ukumbe ngalande, ndipo anyamata a pomwepo akanaimaliza msanga. Chimene mlendo amabweretsa ndi china. Dubai Cares ili ndi njira yotchedwa Adopt a School, imene munthu, banja kapena kampani imalipira sukulu yonse. Ndalama zotero zimatuluka mosavuta kwa anthu amene amva nkhani kuchokera kwa mnzawo wa mu ofesi amene ali ndi zipsera za matuza m'manja, amene akudziwa kutalika kwa njira ya kumjigo chifukwa anaiyenda ndowa ili pamutu. Munthu woteroyo akabwerera salankhulanso za ana a ku Africa ngati chithunzi cha pa kalendala. Amatchula mudzi, amatchula mtsinje umene ana amawoloka. Kwa mudzi nakonso, kuona munthu wochoka kutali akudinda pa pepala lomwelo kumalimbitsa mawu amene anenedwa pabwalo. Lonjezo lochitidwa pamaso pa mboni limavuta kuliphwanya.

Ndimayamikiranso chimene alendowa sachita. Pali mtundu wina wa kudzipereka umene wafala, wopita kumalo osungirako ana amasiye, kunyamula makanda, kujambulitsa, kugawa maswiti, n'kuchoka. Mwana amene wataya kale makolo amazolowera nkhope yatsopano, kenako nkhopeyo imasowa, mwezi wotsatira kumabwera ina. Akatswiri oteteza ana akhala akuchenjeza za kuipa kwa zimenezi kwa zaka zambiri. Pomanga sukulu, chikondi cha mlendo chimadutsa m'manja mwa makolo. Mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake, mtsikana amene akanakhala pakhomo kulera ang'ono ake, mnyamata amene nthawi ya fodya amasowa m'kalasi chifukwa ali kumunda, onsewa amathandizidwa ali kwawo, pakati pa abale awo, ndi nyumba imene azakhali awo anatutira mchenga. Mlendo amasewera nawo mpira madzulo, amaphunzira mayina awo, koma salowa m'malo mwa munthu aliyense.

Lonjezo la atsikana lija nalonso lili ndi mbali yake ya simenti. Sukulu ikakhala kutali, woyamba kusiyitsidwa ndi mtsikana, chifukwa makolo amaopa njira. Ikakhala yopanda chimbudzi chabwino, mtsikana akatha msinkhu amayamba kujomba masiku angapo mwezi uliwonse mpaka kulekeratu. N'chifukwa chake zimbudzi zimamangidwa pamodzi ndi makalasi, osati ngati chinthu chokumbukira pamapeto. Malamulo tili nawo: mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo ntchito ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, inamveka dziko lonse lapansi. Koma mtsikana wochotsedwa ku banja ayenera kukhala ndi kalasi yobwererako, pamtunda woti angayende.

Alendo amachoka makoma asanafike patali. Pamakhala magule, mphatso za mtedza ndi nkhuku, misozi yeniyeni mbali zonse ziwiri, kenako galimoto imalowa mu M1 kulunjika ku Lilongwe kudzera pa Madisi ndi Mponela. M'mawa mwake komiti imaitananso mayina. Palibe wojambula, palibe nthungululu, koma mchenga ukufunikabe. Kwa masabata otsatira makoma amakwera, mabuloko a zibowo amalowa m'mawindo kuti mphepo ndi kuwala zizidutsa popanda galasi loti lisweke, mitengo ya denga imakwezedwa, malata amakhomedwa kuyambira m'munsi kukwera kumtunda kuti lililonse liphimbe linzake. Bolodi amaliumba pakhoma ndi pulasitala yosalala n'kulipaka utoto wakuda. Boma limatumiza aphunzitsi. Ndipo m'midzi yambiri ana akaweruka, makalasi omwewo amalandira akuluakulu pa sukulu ya kwacha, kotero kuti ena mwa amene anadinda chala pa pangano amadzalemba mayina awo ndi cholembera pa desiki ya m'nyumba imene anaimanga okha.

Amalawi amene mukugwira ntchito ku Dubai, Sharjah ndi Abu Dhabi, mukamva kuti Dubai Cares ikufuna anthu odzipereka, kaya olongedza zikwama za ana komweko kaya obwera kuno, lembetsani mayina anu. Gulu lotere limasowa munthu wodziwa kupinda nkhata, wotha kumasulira mawu a mfumu popanda kuwapungula, ndipo munthu ameneyo ndinu.